Filimu ya Alimi Oukira Siyenera Kukhala ndi Mwini

Pali funso limene limanditopetsa, ndipo ndimalimva m'mavidiyo shoo ngakhalenso kwa ophunzira amene amalemba ndemanga: kodi mwini filimu ndi ndani? Akamupeza, mitima imakhala m'malo. Adziwa womutsata, womulirira, womuombera m'manja. Pa filimu ya kalate funsoli lilibe vuto. Koma pa filimu ya alimi oukira boma, funso limeneli ndi limene limapha luso, ndipo ojambula ambiri amathamangira kuliyankha ngati kuti kupeza ngwazi imodzi ndiye kumaliza ntchito. Nditsutsana nawo potengera zimene zinachitika ku Korea mu 1894, chifukwa alimi a kumeneko anasiya pepala limodzi limene aliyense wogwira kamera ayenera kuliyang'anitsitsa.

Mu 1860 Choe Je-u wa ku Gyeongju anayambitsa chipembedzo cha Donghak, chophunzitsa kuti Mwini Kumwamba amakhala mwa munthu aliyense, kapolo ndi mbuye wake chimodzimodzi. M'dziko limene mabanja apamwamba, a yangban, ankadyera thukuta la ena onse, chiphunzitso chotere chinali choopsa, ndipo boma linamupha ku Daegu mu 1864. Womulowa m'malo, Choe Si-hyeong, anakhala zaka zoposa 30 akubisala m'mapiri, akuphunzitsa khomo ndi khomo. Kenako ku Gobu, m'chigawo cha Jeolla, kunafika mkulu wa boma dzina lake Jo Byeong-gap. Anagwiritsa alimi thangata kuti amange damu latsopano pamtsinje pamene panali kale damu logwira ntchito, akatero n'kuwalipiritsa msonkho wa madzi a damu limene anamanga okha. Ankasemera anthu milandu ya kusamvera makolo kuti awalande ndalama. Anasonkhetsanso ndalama zomangira chikumbutso cha bambo ake.

Chakumapeto kwa 1893 amuna 20 anagwirizana zolanda Gobu, kupha Jo, kutenga zida m'nkhokwe ya boma ndi kupitirira mpaka ku Jeonju ndi ku Seoul. Posayina chikalatacho sanandandalike mayina kuchokera pamwamba kutsika pansi. Analemba mzere wozungulira wa kukula kwa pakamwa pa mbale, aliyense n'kulemba dzina lake kuchokera pamzerewo kuloza kunja, ngati masipoko a njinga. Chikalata choterechi amachitcha sabal tongmun, ndipo ichi chinapezeka mu 1968. Dzina la Jeon Bong-jun, mphunzitsi wa pamudzi amene anadzatsogolera nkhondoyo, lilimo, koma ungatembenuze pepalalo mulimonse sudzapeza woyamba. Anachita izi pothawa imfa, kuti boma lisadziwe woyambira kumugwira. Kwa ine nkhaniyi ndi ya kajambulidwenso. Anthu awa anasankha okha mmene afuna kuonekera, ndiye wojambula ndi ndani kuti awongole mzere wawo n'kuika munthu mmodzi pamwamba?

Njira imene ndimaikhulupirira ndi yoimika kamera patali, n'kuileza mtima osadula. Kamera ikayandikira nkhope imodzi, kuukira konse kumasanduka mkwiyo wa munthu mmodzi, ndipo ena onse amakhala chikuta chakumbuyo. Ikaima patali kwa nthawi, diso la woonera limayamba kugwira ntchito lokha. Limaona mdala amene watsalira kumbuyo akumanga nkhwayira yake yaudzu, mnyamata amene wagwira mkondo wa nsungwi molakwika, awiri amene akukangana chapansipansi ngati apitirire kapena abwerere kukaokera mpunga. Anthu a ku Korea amakumbukira kuti alimi atasonkhana pa Baeksan, phiri linkayera mbee akaimirira chifukwa cha zovala zawo zoyera, ndipo akakhala pansi linkasanduka nkhalango ya nsungwi chifukwa cha mikondo yawo. Tangoganizani! Chithunzi chimenecho sichingajambulidwe pafupi, ndipo sichingaduledwe pakati. Chimafuna mtunda, chimafunanso masekondi onse amene khamu limatenga kuti likhale pansi, ena msanga, ena mochedwa, mpaka kuyera kuja kumire. Wojambula amene angadule pamenepo n'kutionetsa maso a mtsogoleri wataya chinthu chokongola kwambiri chimene mbiri inamupatsa ulere.

Sindikunena kuti kamera isayandikire konse. Iyandikire manja ndi zinthu. Msonkho suoneka pankhope ya munthu wolira. Umaoneka pa muyeso wa mpunga, pa ndodo imene kalaliki amasalazira pamwamba pa muyesowo, pa thumba la mlimi limene likuphwa pamene la boma likufufuma. Pa nkhondo ya ku Hwangnyong, m'dera la Jangseong, alimi anakumana ndi asilikali ochokera ku likulu okhala ndi mfuti zamakono, ndipo anawagonjetsa pogubuduza jangtae, zitele za nkhuku zoluka ndi nsungwi, zimene anazikulitsa n'kuzidzaza kuti zipolopolo zisapyole. Ojambula amakonda kuonetsa zitelezo zikugubuduzika. Ine ndikufuna usiku wa dzulo lake: zala zong'ambika ndi nsungwi, munthu amene wakhala akulukira nkhuku zake moyo wake wonse akuluka tsopano chomuteteza ku imfa, mfundo iliyonse akuikoka kawiri. Woonera akaona zimenezo, mawa lake sadzafunika nyimbo yomuuza kuti achite mantha.

N'chifukwa chake ndimailemekeza Gaebyeok, filimu ya Im Kwon-taek ya mu 1991. Wina anena kuti nayonso ili ndi mwini, poti imatsata Choe Si-hyeong. Inde, koma taonani munthu amene anamusankha: wothawathawa, wa phukusi kumsana, amene ntchito yake yaikulu inali kuyenda ndi kulowa m'nyumba za anthu. Kutsata munthu wotere ndi kutsata midzi imene akudutsamo. Otsatira ake amasimba kuti tsiku lina atamva kuwomba nsalu m'nyumba ya wokhulupirira wina, anafunsa amene akuwomba. Mwini nyumba atayankha kuti ndi mkazi wa mwana wake, Choe anamuwongolera kuti wowombayo ndi Mwini Kumwamba. Ankaletsanso kumenya ana pa chifukwa chomwecho. Chipembedzo chotere chimauza kamera koyang'ana: kwa mayi amene sakuoneka, amene tikungomva phokoso la ntchito yake kuseri kwa chitseko. Amene amati filimuyi ndi yochedwa akudandaula kuti zaka 30 za kubisala sizikufanana ndi mpikisano wa magalimoto.

Sewero la pa TV la Nokdu Flower, la SBS mu 2019, linachita chinthu chanzeru posamupanga Jeon Bong-jun kukhala mwini nkhani. Linatsata abale awiri a bambo mmodzi, kalaliki wankhanza wa ku Gobu: wamkulu wobadwa kwa kapolo, amene ankamenyera anthu bambo ake asanalowe gulu la alimi, ndi wamng'ono wophunzira ku Japan amene analowera kwina. Apa ndikuomba m'manja, chifukwa kuponderezana kwa m'dziko kukuoneka pakhomo limodzi. Koma sewero likafika pamene mtima uyenera kusweka, limagwa m'chizolowezi cha masewero a pa TV: nyimbo yokwera, nkhope yodzaza chinsalu chonse, misozi. Za kuchedwetsa zithunzi kuti munthu agwe pang'onopang'ono sindingatayirepo mawu ambiri. Zimakongoletsa imfa imene sinali yokongola. Za mawu a wofotokozera kuseri ndi nkhani za chikondi zoikamo ngati ndiwo, ndi ulesi basi.

Pa Ugeumchi ndi pamene luso limayesedwa. Japan italanda nyumba yachifumu ku Seoul pa 23 Julaye 1894, alimi, amene anali atapangana kale ndi boma, anadzukanso, ndipo chakumapeto kwa chakacho anayesa kudutsa mpata wa phiri umenewu kuti alowe mu Gongju. Pamwamba panali asilikali a Japan ndi a boma, ndi mfuti zolavula zipolopolo mosalekeza. Alimi anakwera kambirimbiri, akubwezedwa. Jeon pofunsidwa mlandu ananena kuti mwa anthu ake oposa 10,000 anatsala 3,000, kenako 500. Nanga zimenezi ungazijambule bwanji ndi nkhope imodzi? Kamera iime malo amodzi, iyang'ane chitunda chomwecho, alimi akwere, abwerere, akwerenso ali ochepa, ndipo wojambula asasunthe. Woonera awerenge yekha. Kuchepa kwa khamu m'chithunzi chosasintha kumapweteka kuposa magazi onse othiridwa pa diso la kamera.

Ndikudziwa choyankha cha otsutsa: Jeon analipodi, anali mtsogoleri, anagwidwa ku Sunchang mu Disembala 1894 ndi kunyongedwa mu Epulo 1895, ndipo chithunzi chake atanyamulidwa pamachira, miyendo itavulala, chinasanduka chipilala chimene chinaikidwa ku Jongno, mu mzinda wa Seoul, mu 2018. Sindikumuchotsa. Ndikuti aonekere mmene iye anadzionetsera. Omufunsa atafuna kudziwa ngati Jo anamulanda kanthu iye mwini, sanadzipange wolakwiridwa wamkulu. Ananena kuti anadzuka chifukwa cha kulira kwa anthu, ndi kuti ku Gobu odandaula wamba anali ambiri kuposa a Donghak. Munthuyo akukankhira kamera kwa ena, ojambula n'kumaibwezera kwa iye.

Chimene ndimachilakalaka kwambiri ndi miyezi ya pakati pa kuukira koyamba ndi kwachiwiri. Alimi atalanda Jeonju n'kupangana ndi boma mu Juni 1894, anakhazikitsa maofesi awo otchedwa jipgangso m'maboma a Jeolla, n'kumaweruza okha madandaulo. O Ji-yeong, amene anali m'gululo, analemba pambuyo pake kuti mwa zofuna zawo munali kuwotcha zikalata za ukapolo ndi kulola akazi amasiye kukwatiwanso. Nokdu Flower inawapatsa malo maofesiwa, koma posachedwa inabwerera ku mkangano wa abale aja. Msonkhano ndi wovuta kujambula kuposa nkhondo, chifukwa mulibe utsi wobisamo kulephera kwako. Uyenera kudziwa pokhazika munthu aliyense, yemwe alankhule koyamba pamaso pa amene dzulo anali mbuye wake, ndi utali wa nthawi imene atenge asanatsegule pakamwa. Ndikufuna mphindi 20 zathunthu za msonkhano umodzi wotere, anthu atakhala mozungulira, mlandu wake wa madzi a m'munda wa mpunga, ndipo Jeon ali ku boma lina tsiku limenelo.