Za Kacisi wa Miyala wa ku Borobudur

Pa cisumbu ca Java, m'dziko la Indonesia, pakati pa minda ya mpunga, pali kacisi wa anthu otsata Buddha, dzina lace Borobudur. Anammanga ngati caka ca 800, ndi miyala yosema yolumikizana popanda dothi lomata. Owerenga asayese kuti ali ngati nyumba yathu ya mapemphero, pakuti alibe cipinda kapena denga. Ndiye phiri lobvekedwa miyala, la nsanja 9, ndipo pa makoma ace pali zithunzi zosema 2,672.

Omanga anafuna kuti munthu alowe pa cipata ca kum'mawa, nayende mozungulira, khoma liri ku dzanja lace lamanja, nawerenge zithunzizo monga tiwerenga buku. Koma zaka zambiri alendo anali kungothamangira pamwamba kukajambulitsa, kufikira makwerero anaperepeseka. Ndipo mu 2023 a boma analamula kuti okwera asapitirire 1,200 pa tsiku, ndi kuti abvale nkhwaira zoluka. Wothamanga wotere wafika ku Borobudur, koma sanamuone.

Ine ndiyesa kuti nchito yopambana iri m'njira yoyamba. M'menemo muli moyo wa Siddhartha, mwana wa mfumu amene anadzachedwa Buddha, m'zithunzi 120: amace alota njobvu, iye aturuka ku bwalo la atate wace nakomana ndi nkhalamba, ndi wodwala, ndi mtembo. Pafupi pace pali ngalawa za matanga, ndi nthano za anyani ndi akamba. Osema awa anadziwa makhalidwe a mai wofukata mwana, ndi mapindikidwe a msana wa wosenza katundu. Ngakhale ife osagwadira mafano tibvomere kuti maso ao anali akuthwa.

Pokwera, luso licepa. Nkhani ya mnyamata Sudhana, wofunafuna nzeru kwa aphunzitsi ambiri, itenga zithunzi 460, ndipo zicita kufanana: mphunzitsi wakhala, mnyamata wagwada, kenaka mphunzitsi wina, mnyamata wagwadanso. Diso litopa. Kapena omanga anafuna comweco, pakuti pa nsanja 3 za pamwamba zithunzi zatha. Patsala thambo, ndi mapiri, ndi miyala 72 yonga mabelu obooleza, yomangidwa kuti m'kati mwa uli wonse mukhale fano la Buddha. Bata la pamenepo alimva ndiye amene anayamba wapanikizika m'tinjira ta m'munsi.

Cimene cindiwawa ndi ici. Pa tsinde peni peni pali zithunzi zina 160 za nchito za anthu ndi mphotho zace: amiseche, akupha, ocereza alendo. Omanga eni ace anazitseka ndi khoma lina, kapena poopa kuti phiri lingagumuke. Zinapezeka mu 1885. Anazijambula, nazitsekanso, ndipo mlendo aona pang'ono pokha, pa ngondya ya kum'mwera ca kum'mawa.