Pamene Bambo Anena Kuti "Titsala"

Munthu akakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi nafika ku Khondowe, pa mishoni ya Livingstonia, amamuonetsa kapinga wa pafupi ndi nyumba yamiyala imene Dr Robert Laws anakhalamo. Pa kapingapo pali zilembo zikuluzikulu zoyera, zoti ngakhale munthu wa m'ndege n'kuziwerenga, zotchula kalata ya Paulo Woyera kwa Aefeso, mutu 2 ndime 14.

Mbiri yake ndi iyi. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko la Nyasaland lili pa ngozi. Dr Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, amene anayamba maphunziro ake m'sukulu za mishoni yomweyo ya Livingstonia, anagwidwa m'bandakucha natumizidwa ku ndende ya ku Gwelo. Ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu amene anasonkhana pa doko. Boma linali kunena kuti a Congress apangana zopha Azungu. M'masiku amenewo ndege ya boma inaponya uthenga pa Livingstonia, utaikidwa m'chitini cha utsi wokhetsa misozi chimene chinali chitatha ntchito: amishoni akafuna kuchotsedwa pamodzi ndi akazi ndi ana awo aike chilembo cha V pa kapinga, akaona kuti ali bwino aike chilembo cha I. Amishoniwo anakhala pansi ndi anzawo akuda a pamalopo nakambirana. Ndege itabweranso inapeza njerwa zopaka njereza zikuloza ku ndime ija, imene iphunzitsa kuti mwa Khristu mitundu yodana iyanjana ndipo mpanda wa pakati pawo ugwa. Chithunzi chake chinatuluka m'nyuzipepala. Mu Julayi chaka chomwecho bungwe lofufuza la woweruza Devlin linati chiwembu chopulula Azungu, monga boma linachifotokozera, silinachipeze. Anthu 51 amene anafa pa chipwirikiticho onse anali akuda.

Nkhani imeneyi ndi ya abale athu a mpingo wa CCAP, koma ife Akatolika tiyenera kuidziwa, pakuti ndi yokoma ndiponso yoona. Komatu kakambidwe kake kamandisiya ndi njala. Timaikamba ngati nkhani ya amuna olimba mtima, ndipo ikafika pa njerwa imathera pomwepo, ngati kuti kutsala pa malo oopsa nthawi zonse ndi chizindikiro cha chikhulupiriro. Pali buku lina limene likutsutsa ganizo limeneli mwamphamvu, ndipo ndifuna tiliike pambali pa njerwa za ku Khondowe tione chimene chituluke.

Bukuli ndi nthano yopeka ya m'Chingerezi yotchedwa The Poisonwood Bible, imene mayi wa ku America, Barbara Kingsolver, anatulutsa mu 1998. Mayiyu anakhalapo ku Congo ali mwana, bambo ake akugwira ntchito ya chipatala. Nthano yake ikuyamba mu 1959, chaka chomwecho cha njerwa zija. Mbusa wa mpingo wa Baptist, Nathan Price, achoka ku Georgia ndi mkazi wake Orleanna ndi ana aakazi anayi, nakakhala m'mudzi wa Kilanga pafupi ndi mtsinje wa Kwilu. Ufulu wa Congo, umene unadza pa 30 Juni 1960, utayandikira, akuluakulu a mishoni amulangiza kuti achoke. Iye akana. Malipiro aleka kubwera, njala ilowa m'nyumba, ndipo m'masiku amene Patrice Lumumba anaphedwa, mu Janwale 1961, mwana wake wachisiriziro Ruth May alumidwa ndi njoka ya mbobo namwalira. Atamuika mwanayo pa thebulo pabwalo, mayi anyamuka wapansi osacheuka, ana otsalawo ali pambuyo.

Nzeru yaikulu ya wolembayo yagona pa kusankha olankhula. Amene akusimba nkhani ndi mayi ndi ana ake anayi, aliyense ndi kalankhulidwe kake; bamboyo, amene anazolowera kulankhula yekha pa gome ndi pa mphasa yodyera, sapatsidwa mpata ngakhale wa tsamba limodzi. Chotero owerenga amaona mishoni ali ku khitchini: madzi ofunika kuwiritsa, mankhwala a malungo amene mwana anali kubisa kuseri kwa bedi m'malo momwa, dzira limodzi logawana anthu asanu ndi mmodzi. Mabuku a mbiri ya mipingo kawirikawiri salowa chipinda chimenechi. Amatiuza chaka chimene tchalitchi linamangidwa ndi dzina la amene analidalitsa, koma amene anatunga madzi ndi amene anachezera ndi mwana wodwala sawatchula.

Alimi a fodya a kuno kwa Njombwa angaseke ndi chigawo china cha bukuli. Mbusayo anabwera ndi mbewu za kwawo nazibzala pa nthaka yosalaza. Mayi wa m'mudzimo wothandiza pakhomo anamuunjikira milu, iye naifafaniza mokwiya; mvula itagwa inakokolola zonse. Ndani mwa ife angaokere fodya popanda mizere? Ubatizo unamuvutanso chimodzimodzi. Anaumirira kuti akabatize ana mumtsinje, osafunsa chifukwa chimene makolo anali kukanira, pamene mudzi wonse unali kudziwa kuti ng'ona inagwirapo mwana pamenepo. Dzina la bukuli lichokera pa cholakwa chachitatu: pofuna kunena m'Chikongo kuti Yezu ndi wamtengo wapatali, anali kutchula liwu ndi kamvekedwe kolakwika, ndipo anthu anali kumva kuti Yezu ndi mtengo woyabwa ngati chitedze. Ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika ndi kukwera kwa mawu kokha, sitifunika kutifotokozera zambiri.

Tsono mbusa ameneyu naye anatsala. Anatsala monga anatsalira a ku Livingstonia, ndipo akanafunsidwa akanatchula ndime za m'Malembo Oyera zoposa imodzi. Nanga kusiyana kuli pati? Wolembayo akutiululira kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anzake onse a usilikali anafera ku Philippines, iye yekha napulumuka chifukwa anavulala. Kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzathawanso. Kutsala kwake kunali kubweza ngongole ya mumtima mwake, ndipo anaibweza ndi moyo wa mwana amene sanakongole kanthu. Sanafunse mkazi wake. Sanafunse eni mudzi ngati akumufuna. Mfumu ya mudziwo inachita kuponyetsa voti m'tchalitchi mwake momwe, Yezu nagonja. Ku Khondowe zinayenda mwina. Amishoni a ku Scotland ndi Ireland anali atakhala ndi anthu zaka zambiri, sinodi yawo inali itakana poyera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo yankho la pa kapinga linatuluka m'kukambirana kwa akuda ndi oyera. Chimene chinasunga ana a amishoniwo usiku umenewo chinali anansi awo, anthu omwewo amene boma linali kuwanena kuti ndi akupha. Ndime imene anasankha sinena za kulimba mtima kwa munthu mmodzi. Inena za anthu awiri okhala amodzi.

Bukuli lili ndi zofooka zake, ndipo sizochepa. Mbusa Price ndi woipa kuyambira tsamba loyamba kufikira lomaliza, kotero kuti owerenga sangadzione mwa iye, pamene ngozi yeniyeni ili mwa bambo wabwino, wopemphera, wokonda ana ake, amene angoiwala kufunsa. Chachiwiri, Akhristu a ku Congo saoneka bwino. Mu 1959 dzikolo linali ndi Akhristu ochuluka zedi, ansembe akuda ndi akatekisiti osawerengeka. Joseph Malula anadzozedwa uepiskopi chaka chomwecho. M'nthanoyi Eklezia wa eni dziko ali chete, ngati kuti Uthenga Wabwino unali katundu wa mlendo amene anabwera naye nabwerera naye. Mmishoni mmodzi wabwino amene akuonekamo, Fowles, adutsa pa bwato ngati mlendo wa tsiku limodzi. Chigawo chomaliza, chotsata anawo atakula, chatalika ndipo chasanduka ulaliki wa ndale. Komabe funso limene bukuli lafunsa ndi loyenera, ndipo ife okamba za njerwa sitinalifunse mokwanira: bambo akanena kuti "titsala", mawu akuti "ti" akuimira yani?

Wina anganene kuti funso limeneli silitikhudza, popeza ansembe ndi asisitere athu sakwatira. Ndi zoona kuti wansembe ayankha za thupi lake lokha. Monsinyo John Roche atathamangitsidwa ku Mzuzu mu Epulo 1992, chifukwa cha kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, analibe mwana woti amuchotse pa sukulu. Koma banja la umishoni tili nalo, ndipo ndi la katekisiti. Iye atumizidwa ku nthambi yakutali, pakati pa anthu amene si abale ake, mkazi wake nasiya munda wa makolo ake kukalima pobwereka. Momwemonso aphunzitsi. Achikulire akukumbukira chaka cha 1989, pamene boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo zakwawo, mabanja ochokera kumpoto namanga katundu pakati pa moyo, ana olankhula Chichewa chokha napita kumudzi kumene sanakudziwe. Ndipo m'maesiteti a fodya otizinga muli matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ena mwa iwo ndiwo amatsogolera mapemphero a mphakati pansi pa chigafa. Mlendo ndi mame, akulu anatero. Koma mlendo wa ana asanu sakamuka msanga, ndipo ndale zikatentha ndiye ayamba kugona khutu lili kunja.

Apa pali chinthu chimene nkhani ya Livingstonia ndi nthano ya ku Congo zifanana, chimene sitichitchula. Mabanja onsewo anali ndi ndege. Anapatsidwa mwayi wosankha, ndipo ulemu wa a ku Khondowe ndi wakuti anaukana mwayi umene anansi awo analibe. Banja la katekisiti palibe amene amaliponyera chitini kuchokera kumwamba.

Tione kwa anansi athu a ku Mozambique, amene nkhondo yawo inatibweretsera othawa okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Ku Guiúa, m'dayosizi ya Inhambane, kuli malo ophunzitsirako akatekisiti, kumene mwamuna amapita ndi mkazi ndi ana, chifukwa Eklezia wa kumeneko anaona kuti mudzi umaphunzira zambiri poona banja kusiyana ndi pomva munthu mmodzi. Malowo anatsekedwa mu 1987 anthu a mfuti atawathira nkhondo. Mu Malichi 1992, mwezi womwe ife tinali kumva kalata ya maepiskopi athu, anatsegulidwanso, ndipo mabanja ochokera m'maparishi osiyanasiyana anafika ndi mphasa ndi miphika yawo, akudziwa kuti nkhondo sinathe. Usiku wa pa 22 Malichi anthu a mfuti anabwera, nawatenga kupita nawo kuthengo. Anthu oposa 20 anaphedwa, amuna, amayi ndi ana aang'ono. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala chaka chomwecho, patangopita miyezi yosakwana 7.

Mu 2017 dayosizi ya Inhambane inayamba kufufuza za moyo ndi imfa yawo, kuti Eklezia adzawatchule odala. Pa ntchito yotere gulu lonse limadziwika ndi dzina la munthu mmodzi, otsalawo natchedwa anzake. Dzina limene analiika patsogolo ndi la mayi, Luísa Mafo.