Mwana ayambire pati: kwa Bilbo kapena kwa Sikusinja?

Mphunzitsi wina wa ku Kasungu adandifunsa funso lomwe landisowetsa tulo. Akuti mwana wa Sitandade 6 amene wayamba kukonda mabuku timupatse liti kuti alawe nthano zazitali za maulendo, zilombo ndi matsenga, zija Azungu amati epic fantasy?

Ophunzira ambiri amathamangira kutchula The Hobbit, buku lomwe J.R.R. Tolkien adatulutsa m'chaka cha 1937. Sindikuwatsutsa ayi. Bilbo, kamunthu kokonda kudya ndi kukhala phee pakhomo, akokedwa ndi nkhalamba yamatsenga Gandalf kuti aperekeze akafula 13 kukalanda chuma chawo kwa chinjoka Smaug. Luso la Tolkien lagona poti ngwazi yake ndi wamantha ngati mwana amene akuwerengayo. Ndipo chinjoka chitafa nkhani sithera pomwepo, chifukwa mdani weniweni ndi umbombo umene ugwira Thorin, mtsogoleri wa akafulawo.

Komatu taganizani za mwana wa pa esiteti ya fodya ku Santhe kapena ku Chamama. Chingerezi chake n'chopereweza, ndipo nyengo yothyola ndi kusoka fodya ikafika, sukulu amaiona mwa apo ndi apo. Mukamuponyera buku la mitu 19 lodzaza maina achilendo, alitseka pa tsamba lachitatu n'kunena kuti kuwerenga n'kwa ana a ku Kamuzu Academy. Tamutaya ameneyo basi.

Ine ndikuti ayambire pa Sikusinja ndi Gwenembe, kabuku ka John W. Gwengwe komwe ambiri tidakawerenga ku pulayimale. Anyamata awiri apachibale apita kutali kukasaka chuma. Pobwerera m'modzi apha mnzake chifukwa cha kaduka, koma mbalame iyamba kuimba n'kuulula mlandu wonse. Onani mafupa a nkhaniyi: kuchoka pakhomo, ulendo, chuma, mtima woipa, ndi mphamvu yosaoneka imene ikana kuti choipa chibisike. Mafupa a The Hobbit ndi omwewa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa mlimi wa tenanti safunika womumasulira. Iye amadziwa amalume amene adapita ku Joni, amadziwanso mikangano imene imabuka fodya akagulidwa ku Chinkhoma. Akadzafika pamene Bilbo abwerera kwawo n'kupeza katundu wake akugulitsidwa pa okushoni poti anthu adayesa adafa, adzaseka ngati nkhani ya pamudzi.

Koma ndisakometse zinthu. Kabuku ka a Gwengwe n'kakafupi, ndipo phunziro lake limaonekera patali ngati phiri la Kasungu. Woipa ndi woipa, wabwino ndi wabwino. Mulibe dziko lakelake lokhala ndi mapu, mafuko ndi mbiri, loti mwana n'kusocheramo sabata yathunthu. Ndi khomo chabe, ndipo vuto lathu nali: ukalowa pakhomopo, nyumba yake m'Chichewa sunaipeze.

Kodi zomangira tilibe? Zilipo zambirimbiri. Kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba adasiya mapazi pathanthwe. Kuli Makewana wa ku Msinja, kuli Mbona wa ku Khulubvi, kuli Napolo wogumula mapiri. Malemu Steve Chimombo adazigwiritsa ntchito mu sewero la The Rainmaker ndi m'ndakatulo zake za Napolo, koma adalemba m'Chingerezi, ndiponso polembera akuluakulu.

Ena amati mabuku oterewa amaphunzitsa ana ufiti. Aaa, abale! C.S. Lewis, amene adatulutsa The Lion, the Witch and the Wardrobe m'chaka cha 1950, adali mkhristu wodziwika, ndipo mkango wake Aslan ufera wolakwa n'kuukanso. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'buku lake la 2009, akuyamba ndi nkhani zamatsenga zomwe adakula nazo asanafike pa makina ake amphepo. Mwana amene wazolowera kuona m'maganizo chinthu chomwe kulibe ndi yemweyo amadzachipanga.

Tsono aphunzitsi, yankho langa ndi ili: chaka chino mupatseni Sikusinja, mumuwerengere mokweza ana onse akuvomera nyimbo ya mbalame ija. Bilbo adikire Fomu 1. Ndipo inu alembi athu, mwana ameneyu akamaliza kabukuko adzafunsa kuti "china chili kuti?" Mudzamuyankha chiyani?