Mlandu wa George Wallace: Kuunika Buku la Dan T. Carter

Mwa mabuku onse olongosola mbiri ya anthu andale, ovuta kwambiri kulemba ndi aja onena za munthu amene adachita zoipa poyera, dziko lonse likuona, kenaka ku ukalamba n'kudzapempha chikhululuko. Mlembi wa buku lotere amasanduka woweruza ngakhale asafune, pakuti momwe wagawira masamba ake pakati pa zaka za kulakwa ndi zaka za kulapa ndi chigamulo kale. Buku la Dan T. Carter lotchedwa *The Politics of Rage*, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1995, likunena za munthu wotere: George Wallace, amene adalamulira chigawo cha Alabama, kummwera kwa dziko la America, ngati bwanamkubwa maulendo anayi pakati pa 1963 ndi 1987. Nkhani ino ikuunika momwe Carter adagwirira ntchitoyi, pomuyerekeza ndi Marshall Frady, mlembi wa buku la *Wallace* la 1968, komanso John Frankenheimer, amene adajambula kanema wa moyo wa Wallace mu 1997.

Wallace adabadwa mu 1919 m'katauni kakang'ono ka Clio, m'dera la alimi osauka. Ali mnyamata adatchuka pa masewero a nkhonya. Adaphunzira za malamulo pa yunivesite ya Alabama, adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la ndege, ndipo mu 1946 adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya m'chigawocho. Panthawiyo ankatsatira Jim Folsom, bwanamkubwa amene ankaika mtima pa misewu, sukulu ndi ndalama za okalamba kuposa pa za khungu. Atakhala woweruza milandu kuyambira 1953, Wallace adali ndi mbiri yochitira ulemu anthu akuda m'bwalo lake. Loya wina wakuda wa ku Selma, J. L. Chestnut, adadzachitira umboni kuti Wallace ndiye woweruza woyamba kumutchula mwaulemu monga ankatchulira maloya achizungu. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ikuonetsa kuti munthuyu ankadziwa bwino njira ina, ndipo adaisiya dala.

Adaisiya mu 1958. M'chaka chimenecho adapikisana pa mpando wa bwanamkubwa ndi John Patterson, amene gulu la Ku Klux Klan lidali pambuyo pake, ndipo Wallace adagonja. Anzake ena adati atagonja adalumbira kuti sipadzakhalanso munthu womuposa pa kunyoza anthu akuda. Iye mwini adakana kuti sadanene mawuwo. Luso la Carter likuoneka pa mfundo yakuti mlandu wake sadaumange pa mawu okanidwawo. Adaumanga pa zimene Wallace adachita pambuyo pake. Mu 1959, boma lalikulu la ku Washington litafuna kuona kaundula wa ovota pofufuza chifukwa chake anthu akuda sankalembetsedwa, Wallace adalengeza kuti sapereka kaundulayo ngakhale amutsekere m'ndende. Koma mseri adakaonana ndi woweruza Frank Johnson, mnzake wa kusukulu ya malamulo, nakonza zoti kaundulayo afike kwa ofufuza kudzera m'manja mwa anthu ena. Kenaka adatuluka kukauza anthu kuti wagonjetsa boma. Nkhani yaing'onoyi ili ndi chithunzi cha moyo wake wonse wandale: kugonja kuchipinda, kudzitama pabwalo.

Chimodzimodzi pa 11 Juni 1963, pomwe adaima pakhomo la holo ya yunivesite ya Alabama kutsekereza ophunzira awiri akuda, Vivian Malone ndi James Hood. Adawerenga mawu ake pamaso pa makamera a wailesi yakanema, ndipo asilikali atabwera molamulidwa ndi Pulezidenti Kennedy adapatuka, ophunzirawo n'kulembetsa tsiku lomwelo. Wowerenga wa Carter amafika pa tsikuli atadziwa kale kuti akuonerera sewero, ndipo amamvetsa chifukwa chake kugonja kumeneku kudamutchukitsa Wallace m'dziko lonse.

Kwa ife okonda zolembalemba, mbali ina yogwira mtima ndi ya mlembi wa mawu a Wallace. Uthenga umene adapereka polumbiritsidwa pa 14 Januwale 1963, momwe adalonjeza kuti tsankho lidzakhalapo mpaka muyaya, adaulemba ndi Asa Carter, mtsogoleri wa kagulu ka Ku Klux Klan. Munthuyu adadzasintha dzina nakhala Forrest Carter, nalemba buku la *The Education of Little Tree* la 1976, lomwe ambiri adalilandira ngati mbiri yoona ya mwana wa mtundu wa Cherokee. Dan Carter yemweyu ndiye adakumbutsa dziko za chinyengochi m'nyuzipepala ya *The New York Times* mu 1991, ndipo mu 2023 adatulutsa buku lathunthu la munthuyo. Choncho mlembi wathu adatulutsa buku la Wallace atadziwa kale kuti munthu angathe kuvula dzina lakale ngati malaya. Sitingadabwe kumuona akuchedwa kukhulupirira kulapa kwa aliyense.

Funso lalikulu la zaka za 1963 mpaka 1965 ndi lakuti: kodi munthu amene sadaponye bomba kapena kunyamula chibonga ali ndi mlandu wanji pa magazi okhetsedwa? Pa 15 Seputembala 1963 bomba lidaphulika patchalitchi cha 16th Street Baptist mumzinda wa Birmingham n'kupha atsikana anayi. Pa 7 Malichi 1965 apolisi a chigawocho adamenya anthu oyenda mwamtendere pamlatho wa Edmund Pettus ku Selma, ndipo John Lewis adaswedwa mutu. Carter sakunena kuti Wallace adatuma oponya bomba. Akuonetsa momwe mawu a bwanamkubwa, kutukwana oweruza tsiku ndi tsiku ndiponso kusankha anthu ankhanza monga Al Lingo kutsogolera apolisi, zidapatsira achiwembu chikhulupiriro chakuti boma lili kumbali yawo. Apa bukuli ndi lolimba kwambiri, chifukwa mlembi akuletsa mkwiyo wake kuti umboni udzilankhulire wokha. Wotentha tchire sangakane mlandu ponena kuti nyumba zidapsa ndi mphepo.

Nkhani ya mkazi wake, Lurleen, ikutsimikiza khalidwe lomweli mkati mwa banja. Malamulo a Alabama sankalola bwanamkubwa kulamulira kawiri motsatizana, ndipo Wallace atalephera kuwasintha mu 1965 adaimika mkazi wake pachisankho cha 1966. Madokotala adali ataona zizindikiro za khansa m'thupi la mayiyu mu 1961, nauza mwamuna, koma mwini thupi sadauzidwe mpaka 1965. Lurleen adapambana, namwalira ali pampando mu Meyi 1968 ali ndi zaka 41, mwamuna wake ali mkati mokopa anthu kuti akhale pulezidenti. Mlembi wa nthano akadapeka zoterezi tikadamudzudzula kuti wakokomeza.

Mfundo yaikulu ya Carter, yomwe ili ngakhale m'mutu wautali wa bukuli, ndi yakuti Wallace ndiye adatsegula njira ya ndale zatsopano za osunga mwambo m'dziko lonse la America. Umboni ulipo. Mu 1964 adadabwitsa anthu popeza mavoti ochuluka m'zisankho za chipulula za chipani cha Democratic ku Wisconsin, Indiana ndi Maryland, kutali ndi kwawo. Mu 1968, ataima pa chipani cha American Independent, adapambana m'zigawo zisanu ndipo adapeza mavoti pafupifupi 10 miliyoni, kapena kuti 13 mwa 100 alionse. Panthawiyi adali atasiya kutchula khungu poyera. Ankalankhula za bata ndi lamulo, za misonkho, za ana okwezedwa mabasi kupita kusukulu zakutali, ndi za ophunzira kwambiri a ku Washington amene ankati amanyoza munthu wamba. Omvera ake ankadziwa chimene akutanthauza popanda iye kuchitchula. Carter akuonetsa momwe Richard Nixon adamuopera, mpaka anthu ake kutumiza mobisa madola 400,000 kwa Albert Brewer kuti agwetse Wallace pachisankho cha 1970, ndiponso momwe Nixon yemweyo adatengera chilankhulo chake.

Komabe apa mpamene bukuli likusenza katundu wopitirira mphamvu zake. Ndale za osunga mwambo zidali ndi mizu ina imene Wallace sadabzale. Magazini ya *National Review* ya William F. Buckley idayamba mu 1955. Barry Goldwater adapambana m'zigawo zisanu za kummwera mu 1964. Mipingo ndi eni mabizinesi adali ndi zifukwa zawozawo. Kuwonjezera apo, pa zachuma Wallace sadali wosunga mwambo weniweni. Adamanga sukulu zambiri za ntchito zamanja ndi makoleji ang'onoang'ono, adapereka mabuku aulere m'sukulu, ndipo sankaopa kugwiritsa ntchito ndalama za boma. Buckley mwiniwake sankamuwerengera ngati mnzake. Chimene Wallace adasiyira ena chidali kalankhulidwe: luso losandutsa mantha ndi manyazi a munthu wosauka kukhala mavoti. Mawu akuti mkwiyo m'mutu wa bukuli ndi olondola. Mawu akuti chiyambi akukokomeza. Carter atalemba m'nyuzipepala mu 2016 kuyerekeza Donald Trump ndi Wallace, kufanana komwe kudamveka kwambiri kudalinso kwa kalankhulidwe pamsonkhano.

Frady adaona chimenechi msanga. Iye adali mtolankhani amene adayenda ndi Wallace pa kampeni ya 1966, ndipo buku lake likuwerengeka ngati nthano yaitali: tikumva phokoso la msonkhano, tikuona munthu wosatha kukhala chete, amene akakhala yekha amaoneka ngati nyale yopanda mafuta. Frady akutipatsa njala ya munthuyu. Carter akutipatsa mtengo umene ena adalipira kuti njalayo ikhutitsidwe. Kuipa kwa njira ya Frady n'kwakuti wowerenga amayamba kusangalala ndi Wallace monga timasangalalira ndi Kalulu wa m'nthano, kuiwala kuti onyengedwawo adali anthu enieni. Kuipa kwa njira ya Carter n'kwakuti nthawi zina timalephera kumva chimene chidakoka anthu mamiliyoni amene sadali a Ku Klux Klan.

Pa 15 Meyi 1972 Arthur Bremer adawombera Wallace ku Laurel, m'chigawo cha Maryland, ndipo sadayendenso mpaka imfa yake mu 1998. Shirley Chisholm, mayi woyamba wakuda kukhala phungu ku Washington, adakamuzonda kuchipatala. Mu 1979 Wallace adapita kutchalitchi cha Dexter Avenue ku Montgomery, komwe Martin Luther King adatumikirako, nakapempha chikhululuko. Mu 1982 adapambananso, anthu akuda oposa 90 mwa 100 alionse ovota atamusankha pachisankho chomaliza, ndipo adalemba anthu akuda ambiri pa maudindo a boma. Kanema wa Frankenheimer watsamira pa zaka zimenezi. Gary Sinise adasewera Wallace mwaluso, koma olemba adapeka wantchito wakuda dzina lake Archie kuti anyamule chisoni cha mtundu wonse, ndipo nkhani ikutsetserekera ku chikhululuko ngati kuti ululu wa chipolopolo udalipira ngongole. Umenewo ndi ulaliki, ndipo ukupeputsa mlandu.

Carter akulakwa mbali inayo. Zaka za pambuyo pa 1972 wazipatsa malo ochepa poyerekeza ndi zoyambazo, ndipo motero sakuyankha mokwanira funso lovuta kuposa onse: chifukwa chiyani anthu omwe adamenyedwa adamuvotera? Ovota akudawo adabadwa ndi lamulo la ufulu wovota la 1965, lomwe lidabwera chifukwa cha magazi a ku Selma. Munthu amene adasintha mu 1958 powerenga mavoti akadathanso kusintha mu 1982 powerenga mavoti. Koma ovotawo sadali ana. Adali ndi Emory Folmar wa chipani cha Republican mbali inayo, adali ndi chiphunzitso cha mipingo yawo, ndipo adadziwa kuti mdani wofuna voti yako ungamulamule mtengo. John Lewis adalemba, Wallace atamwalira, kuti adamukhululukira. Chikhululukocho chidali mphamvu ya okhululuka, ndipo chikuyenera mutu wakewake m'buku lililonse la Wallace. Mwana wake wamkazi, Peggy Wallace Kennedy, adayesa kuunika mbali ya banja m'buku la *The Broken Road* la 2019, koma mbali ya ovota a ku Alabama ikadali yopyapyala m'mabuku atatu onsewa.

Ngakhale zili choncho, *The Politics of Rage* ndi buku loyenera kuyambira. Mphamvu yake ili pa kukana kusakaniza mafunso awiri: loti Wallace adalapadi mumtima, lomwe palibe wolemba mbiri angaliyankhe, ndi loti adachita chiyani, lomwe makalata ndi mboni zimayankha. Akulu adati mlandu suola. Carter waulemba mlanduwo mokwanira ndi mwachilungamo, ndipo wasiya nkhani ya chikhululuko m'manja mwa eni ake, amene ndi anthu akuda a ku Alabama. Wolemba wotsatira ayenera kukayambira kwa iwo.