Luso la Ashleigh Buhai pa Mchenga ndi Mphepo

Pa chilumba chathu cha Likoma, pamene miyala ndi malambe zidatenga malo ambiri, ndipo dothi lotsalalo tidalipereka kwa chinangwa, palibe bwalo la gofu, kotero kuti munthu wofuna kuona masewerowa ndi maso ake ayenera kukwera sitima ya Ilala, natsika ku Nkhata Bay, nalowera ku Lilongwe kapena ku Blantyre Sports Club, kalabu imene idakhazikitsidwa mu 1896. Komabe ndilimba mtima kunena kuti ife amene tidabadwira pa mchenga ndi kuleredwa ndi mwera tili nawo maso oyenera kuweruza zimene mayi wa ku South Africa, Ashleigh Buhai, adachita pa 7 Ogasiti 2022 ku Muirfield, m'dziko la Scotland. Pakuti bwalo limenelo lili m'mbali mwa nyanja, pamtetete, ndipo zoyesa wosewera pamenepo ndi ziwiri zimene mwana aliyense wa ku Mbamba amazidziwa asanaphunzire kuwerenga, ndizo mphepo ndi mchenga.

Lamulo la masewerowa nlapafupi. Bwalo lili ndi mauna 18, ndipo wosewera amamenya kampira ndi ndodo kufikira katalowa mu una uliwonse. Pa mipikisano ikuluikulu, wopambana ndi amene wamenya kochepa koposa anzake pa masiku anayi. Palibe mdani wokulanda mpira, palibenso mnzako womukankhira mlandu, chifukwa kampirako kamangokhala phee kudikira dzanja lako, ndipo cholakwa chilichonse chimalembedwa pa dzina lako.

Mayiyu adabadwira ku Johannesburg mu 1989, ndipo pa utsikana wake ankatchedwa Ashleigh Simon. Mu 2004, ali ndi zaka 14 zokha, akusewera osalandira malipiro, adagonjetsa amayi odyera gofu pa mpikisano wa South African Women's Open, nabwerezanso mu 2007. Chaka chomwecho, atangokwanitsa zaka 18, adalowa m'masewero olipidwa, ndipo pasanapite nthawi adapambana Catalonia Ladies Masters ku Spain. Anthu ankayembekeza kuti dziko lonse limugwadira posachedwa. Koma mphatso ya ubwana imabwera yokha, ndipo mwana wosewera mongokonda amamenya wopanda mantha, popeza akaphonya palibe chimene wataya. Pamene wodyera luso lake amadziwa kuti kampira kokhota pang'ono kamudyera ndalama ya ulendo, ya malo ogona ndi ya womunyamulira ndodo. Adapambananso ku Portugal mu 2011 ndi kwawo mu 2018, koma pa mipikisano ya LPGA, kumene kumasonkhana akatswiri a dziko lonse, adasewera ka 220 osatenga chikho, mpaka zaka 15 zidatha chiyambire kulipidwa.

Luso limene zaka zimenezo zidasula likuoneka poyamba pa kamenyedwe kake. Amene adaonapo mayi wachikulire akusinja chinangwa cha kondowole adziwa chimene ndikunena: mtsikana wophunzira amakakamiza musi ndi mphamvu za mikono, natopa ufa usanalale, pamene mayi wozolowera amaukweza mosafulumira, naulola kugwa ndi kulemera kwake, thupi lonse likuvomereza, kugunda kulikonse kofanana ndi kwam'mbuyo. Chomwechonso Buhai amakweza ndodo modekha, osathamangira kuitsitsa, miyendo ndi chiuno zikutsogolera, manja akutsata. Ndipo ngakhale alipo anzake omenya kutali kuposa iye, kampira kake kamamvera. Pa bwalo la m'mbali mwa nyanja kudekha kotere nkwa mtengo wapatali, chifukwa womenya mwaukali amakweza kampira m'mwamba, mphepo nkukalanda, koma womenya mofatsa amakayendetsa chapansi, nakasiya kuti kagubuduke pa nthaka youma, monga mwini bwato wanzeru amene salimbana ndi mwera maso ndi maso koma amaudula cham'mbali. Ndi kamenyedwe kameneka adamaliza tsiku lachitatu atamenya ka 64 kokha, nagona akutsogola ndi mikwapulo isanu.

Koma akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pa tsiku lomaliza, pa una wa 15, kampira kake kadagwera m'dzenje la mchenga; pokatulutsa kadakalowa m'udzu wautali, ndipo pamene wosewera wabwino amayenera kumenya kanayi, iye adamenya kasanu ndi kawiri. Sindidzabisa chilema chimenechi, pakuti wondemanga wobisa chilema ndi mboni yonama: pa mphindi zimenezo dzanja lake lidataya muyeso umene lidausunga masiku atatu, cholakwa chimodzi chidabala chinzake, ndipo chuma chonse chimene adakundika chidamwazika. Adamaliza tsikulo ndi 75, nafanana ndi Chun In-gee wa ku South Korea, katswiri amene adali atapambana kale zikho zikuluzikulu zitatu.

Apa ndi pamene ndikuona kusiyana kwa mtsikana wa 2004 ndi mayi wa 2022. Pa mauna atatu otsalawo sadataye kanthu kena, ndipo pamene awiriwo adabwezedwa ku una wa 18 kuti akalekanitsidwe, liwiro la mumchenga lili loyambira limodzi, iye adayenda ndi mayendedwe ake akale, naima nthawi yofanana pa kampira, ngati kuti tsoka lija lidagwera munthu wina. Adasewera una umenewo kanayi, dzuwa likulowa, mdima ukuyandikira. Ulendo wachinayi kampira kake kadagweranso m'dzenje la mchenga pambali pa una, mchenga womwewo umene udamuchititsa manyazi madzulo omwewo.

Kutulutsa kampira m'dzenje lotere ndi luso la palokha, chifukwa ndodo siyenera kukhudza kampirako. Wosewera amazika mapazi mumchenga kuti asaterereke, nagoneka nkhope ya ndodo chagada, namenya mchenga pafupifupi zala ziwiri kumbuyo kwa kampira, kuti mchengawo ndiwo ukanyamule ndi kukatula pa udzu wosalala. Wamantha amaimitsa dzanja pakati pa njira, kampira nkutsalira m'dzenje; waphuma amagunda kampira kenikeniko, nkuuluka kupitirira una. Buhai adamenya mchenga ndi dzanja lathunthu, losakayika ndi losafulumira, ndipo kampira kadatera, nkugubuduka, nkuima pafupi ndi una moti kukalowetsa sikudafunenso nzeru. Chun adamenya kasanu, iye kanayi, ndipo chikho cha AIG Women's Open chidakhala chake, ali ndi zaka 33.

Chigamulo changa nchakuti mkwapulo umenewo uposa ngakhale 64 uja wa dzulo lake, pakuti kusewera bwino zinthu zikuyenda ndi mphatso, koma kubwerera ku muyeso wako utangogwa pamaso pa khamu ndi luso lophunziridwa ndi misozi. Adakhala mayi wachiwiri wa ku South Africa kutenga chikho chachikulu chotere, kutsatira Sally Little amene adapambana mu 1980 ndi 1988. Ndipo adachitenga pa bwalo limene akatswiri aamuna a kwawo adapambanapo, Gary Player mu 1959 ndi Ernie Els mu 2002, bwalo la kalabu imene idavomera kulandira amayi ngati mamembala mu 2017 mokha. Kuti sizidali zamwayi zidatsimikizika msanga, popeza adapambananso Australian Open mu Disembala 2022 ndi mu 2023, ndiponso ShopRite LPGA Classic mu 2023.

Tsono inu eni makalabu a gofu a ku Blantyre, Limbe, Zomba, Mulanje ndi Lilongwe, kumbukirani kuti m'mera mpoyamba, ndipo mayiyu adagwira ndodo akali mwana. Tsegulirani atsikana a m'dziko muno zipata zanu, apatseni ndodo ndi aphunzitsi, ndipo akachedwa kubala zipatso musawataye, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.