Buku Lomwe Limawerenga Wowerenga

Mu Disembala 2020, kampani ya IKEA ya ku Sweden, yomwe imagulitsa mipando, makama, makabati ndi ziwiya zina za m'nyumba, idalengeza kuti yasiya kusindikiza katalogu yake. Kwa ife okonda zolembedwa, uthenga umenewu ukhoza kumveka ngati maliro a mudzi wina, ongomvera mphekesera. Koma taganizani. Bukuli lidayamba kutuluka mu 1951 lili ndi masamba 68, ndipo makope 285,000 adagawidwa kummwera kwa Sweden. Pofika 2016 makope ake adakwana 200 miliyoni m'ziyankhulo 32. Ndi alembi angati amene dzina lawo lidalowapo m'makomo ochuluka chotere? Buku lotere likamwalira, nkoyenera kufunsa kuti walowa ufumu m'malo mwake ndani, nanga khalidwe lake ndi lotani.

Wolowa ufumuyo amalonda amamutcha lookbook. Dzinali lidachokera kwa okonza mafashoni a zovala, amene ankasonkhanitsa zithunzi za anthu atavala zovala za nyengo yatsopano kuti eni masitolo ndi atolankhani aone momwe malaya, nsapato ndi chikwama zikugwirizanirana. Lero bukuli lidasamukira pa intaneti ndipo lidaphuka mphukira ina. Pa chithunzi cha chipinda chochezera pamakhala timadontho. Mukadina kadontho kamene kali pa mpando, mumaona dzina la mpandowo ndi mtengo wake. Mukadinanso, mpandowo walowa m'dengu lanu, kwatsala nkulipira. Instagram idayamba kuyesa zoika zizindikiro za katundu pa zithunzi mu 2016, ndipo WhatsApp idabweretsa katalogu ya amalonda mu 2019. Motero njira yomwe idayambira m'makampani akuluakulu idafika mpaka kwa mayi wosoka madiresi a chitenje amene amaonetsa ntchito yake pa foni.

Wina afunsa kuti kodi zamalondazi zikufunanji m'bwalo la zolembedwa. Yankho ndi lakuti eni akewo ndiwo adayamba kudzitcha alembi. Akatswiri otsatsa malonda amakonda kunena kuti lookbook yabwino imafotokoza nkhani. IKEA yomweyo mu 2015 idaitana Hellmuth Karasek, katswiri wotchuka wounika mabuku ku Germany, kuti aunike katalogu yake pa kanema ngati momwe amaunikira nthano yaitali. Zidali zotsatsa malonda ndithu, zosakaniza ndi nthabwala, koma zidaonetsa kuti amalonda amafuna ulemu umene timapereka kwa wokamba nthano. Tsono poti alowa okha m'bwalo, tiyeni tiwayese ndi muyeso womwe timayesera anzawo.

Tiyambe ndi malo ochitikira nkhani, pakuti apa mpamene pagona luso lawo. Wojambula chipinda cha m'bukuli sangoika mpando pakati pa nyumba. Amasiya kapu ya tiyi patebulo, buku lotsegula pakama, nsapato za mwana pakhomo, kuwala kwa dzuwa la m'mawa kukulowa pazenera. Tinthu ting'onoting'ono timeneti timakuuzani kuti muno mumakhala anthu, ndipo angotuluka kumene. Mlembi wachinyamata amene amalemba kuti "nyumbayo inali yokongola kwambiri" nkulekera pomwepo, angaphunzire zambiri apa. Kukongola sikunenedwa, kumaonetsedwa ndi zinthu zogwirika. Pa mfundo imeneyi tisawamane ulemu wawo.

Tisaiwalenso kuti bukuli limathandiza wogula. Amene sadziwa kuti nsalu yakuti ingayenerane ndi nsapato ziti amaona chitsanzo. Mtengo umaonekera poyera, palibe zoti wogulitsa ayambe wakuyang'anani kumapazi asanatchule ndalama. Wamalonda wamng'ono amene sangakwanitse lendi ya sitolo m'tauni amatha kuyala katundu wake pamaso pa anthu ambiri ndi foni imodzi. Izi ndi zabwino zenizeni, ndipo wozikana ndiye kuti sadayendepo mtunda wautali nkukapeza katundu atatha.

Vuto limayamba tikafika kwa ampangankhani. M'nthano yeniyeni, zinthu zimatumikira anthu: mkeka umakhalapo chifukwa pali nkhalamba yoti ikhalepo. Mu lookbook zinthu zatembenuka. Munthu ndiye amatumikira mpando. Alipo kuti mpandowo uoneke wofewa. Mpando uli ndi dzina, mtengo ndi kadontho kake, koma munthuyo alibe dzina, alibe mbiri, alibe kadontho. Umboni wake udaoneka mu Okutobala 2012, pamene nyuzipepala ya Metro ya ku Sweden idaulula kuti m'katalogu ya IKEA yopita ku Saudi Arabia amayi adafufutidwa pa zithunzi zomwe m'maiko ena adalipo. Kampaniyo idapepesa. Komabe chotiphunzitsa ife nchakuti masambawo adaonekabe athunthu. Tayesani kuchotsa mayi m'nthano iliyonse yolukidwa bwino, muone ngati siigwa ngati nyumba yozulidwa mzati. Nkhani imene mungaichotse munthu popanda kusintha kanthu, mwini wake sadali munthuyo.

Chachiwiri, nkhaniyi ilibe mkangano. Tidaphunzira tonse kuti nthano imayenda ndi vuto: wina akufuna kanthu, china chikumutsekereza. M'zipinda za m'bukuli simulowa fumbi, mwana sataya phala pamkeka, bambo sachotsedwa ntchito, mwini nyumba sagogoda pakhomo mwezi ukatha. Zambiri mwa zinthuzo sizidakhalepo nkomwe pamaso pa kamera. Mu 2014 akuluakulu oona za zithunzi ku IKEA adanena kuti mwa zithunzi zinayi zilizonse za katundu woima payekha, zitatu zidali zopangidwa pa kompyuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma uwu ndi mkuyu wopanda ndi m'kati momwe.

Kodi ndiye kuti mkangano palibiretu? Ulipo, koma adausamutsa. Auchotsa pa tsamba nkuuika mumtima mwa wowerenga. Mukayang'ana chipinda chija kenaka nkukweza maso kuona chanu, mkangano wayamba. Mpangankhani wosowa kanthu ndinu. Chimake cha nkhani ndi chala chanu chili m'mwamba pa kadontho, ndipo mathero ake ndi uthenga wokuuzani kuti ndalama yatuluka. Nthano ya agogo inkatha ndi phunziro loti mupite nalo kukagona. Iyi imatha ndi lisiti.

Apa mpamene buku la pa intaneti likusiyana ndi kholo lake la pepala. Katalogu ya pepala inkakopanso, tisainamizire chiyero. Koma pakati pa kusirira ndi kugula padali mtunda. Munthu ankapinda ngodya ya tsamba, kuonetsa mkazi kapena mwamuna wake, kudikira malipiro, kukwera basi. Pa mtunda umenewo zilakolako zambiri zinkafera m'njira, ndipo zopulumuka zinkakhala zofunikadi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ntchito yonse ya kadontho kaja ndi kupha kudekhako. Amalonda amayesa kupambana kwa lookbook powerengera kuti mwa anthu amene aona tsamba, ndi angati agula, ndipo chilichonse chochedwetsa chala amachitenga ngati chilema choyenera kuchotsa. Chimene iwo akuchitcha chilema ndi nthawi yomwe munthu amaganiza.

Chinanso nchakuti buku limeneli limakuwerengani pamene mukuliwerenga. Tsamba la pepala silidziwa kuti mwaliyang'ana nthawi yaitali bwanji. La pa intaneti likhoza kusunga chimene mwadina, pamene mwaima, ndi chimene mwaika m'dengu nkuchisiya. Nchifukwa chake nsapato imene mudaiyang'ana dzulo imakutsatirani lero pa masamba ena ngati galu wozolowera. Zikafika poti aliyense akuonetsedwa zogwirizana ndi zomwe adadina kale, anthu awiri sakuwerenganso buku limodzi. Nanga tidzakhala bwanji pansi nkutsutsana za buku lomwe aliyense ali ndi lakelake? Kuunika zolembedwa kumatheka pokhapokha pali tsamba limodzi lomwe tonse tingaloze ndi chala.

Tsamba limenelo liyeneranso kukhalitsa. Nyumba yosungiramo mbiri ya IKEA ku Älmhult idaika makatalogu ake akale pa intaneti mu 2020, ndipo amene angawatsegule aona momwe nyumba za ku Sweden zidasinthira m'zaka 70: wailesi yakanema ikulowa m'chipinda chochezera, ana akupatsidwa malo awoawo, kompyuta ikupeza ngodya yake. Mosafuna, wamalonda adalemba mbiri ya anthu ake. Lookbook ya pa intaneti imakhala moyo malinga katundu alipo. Akatha, kadontho kamafa, chithunzi chimasinthidwa, ndipo palibe shelefu imene mdzukulu adzachipeze.

Pomaliza pali munthu amene saoneka konse. Kadontho kamakuuzani mtundu, kukula ndi mtengo wa malaya, koma sikakufikitsani kwa amene adawasoka. Dziko lidakumbutsidwa za anthu amenewa pa 24 Epulo 2013, pamene nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, momwe munali mafakitale osokera masitolo a kunja, idagwa nkupha anthu oposa 1,100. Kadonthoko sikakuonetsaninso kumene malaya amapita mwini wake akatopa nawo, ngakhale ife amene timavundukula milu ya kaunjika tikukudziwa bwino. Nkhani ya chovala ili ndi chiyambi ndi mathero, koma bukuli lidasankha kusindikiza tsamba lapakati lokha.

Chigamulo changa nchakuti lookbook ndi sitolo yovala chikuto cha buku. Monga sitolo, ndi yaukhondo, yosavuta kuyendamo, ndipo wogula wodziwa chimene akufuna idzamutumikira bwino. Monga nthano, ndi yolephera, pakuti idabwereka malo ndi kuwala kwa nthano nkusiya munthu ndi mavuto ake panja. Alembi titengeko diso lake loona tinthu tating'ono, koma tisalole kuti mawu oti "nkhani" atsike mtengo mpaka kutanthauza chilichonse chofulumizitsa chala. Ndipo inu owerenga, tsiku lina chipinda chowala chikadzakukopani pa foni, pindani ngodya ya tsamba m'maganizo, ikani foniyo pansi, mugone. Mpando wofunikadi mudzaukumbuka m'mawa.