Thandizo la kafukufuku likufika, koma mafunso a ku Ntcheu akufika kwa ndani?

Gawo lalikulu la kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi limayendera ndalama zochokera kunja. Mphunzitsi wa sukulu yaukachenjede amene akufuna kufufuza za malungo kapena za uchembere amapikisana ndi anzake a m'mayiko ena popempha thandizo ku mabungwe monga Wellcome Trust ya ku London, National Institutes of Health ya ku America, EDCTP ndi Gates Foundation. Pofuna kuthandiza aphunzitsi pa mpikisano umenewu, College of Medicine ya ku Blantyre inatsegula ofesi ya Research Support Centre m'chaka cha 2006. Ofesiyi inapitirizabe ntchito pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizidwa mu 2021 n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS.

Ntchito ya ofesi yotere ndi yofunika, ndipo iyamikiridwe. Imadziwitsa aphunzitsi pamene bungwe lalengeza kuti lili ndi ndalama, imawathandiza kukonza bajeti ndi mapepala a mgwirizano, ndipo ndalama zikabwera imaonetsetsa kuti malipoti akupita m'nthawi yake. Pempho labwino likhoza kukanidwa chifukwa bajeti yake sinatsatire malamulo a bungwe, kapena chifukwa lafika tsiku lotsekera litadutsa. Dokotala amene m'mawa ali kuwodi ndipo masana ali m'kalasi sangakwanitse kutsata zonsezi payekha.

Vuto lili pa poyambira. Kawirikawiri nkhani imayamba ndi chilengezo cha bungwe lakunja, chomwe chimabwera chitanena kale matenda amene afufuzidwe ndiponso zaka zimene ntchitoyo itenge. Mphunzitsi amasoka funso lake molingana ndi chilengezocho, kenako amasankha boma loti akagwireko ntchito. Ogwira ntchito m'bomalo amamva za kafukufukuyo pempho litavomerezedwa, pamene kalata yopempha chilolezo yafika ku ofesi ya zaumoyo. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka amaitanidwa pamapeto, kuti asonkhanitse anthu ndi kulondolera ofufuza khomo ndi khomo.

Boma la Ntcheu likuonetsa mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Kuyambira mu 2013, Ntcheu pamodzi ndi Balaka, Dedza ndi Mchinji inali mu ndondomeko ya RBF4MNH, yothandizidwa ndi mayiko a Germany ndi Norway. Zipatala zinkalandira ndalama molingana ndi momwe zasamalira amayi ndi makanda, ndipo amayi ochirira kuchipatala ankapatsidwa ndalama zothandizira ulendo. Ofufuza a College of Medicine ndi a yunivesite ya Heidelberg ndiwo anaunika ndondomekoyi. Patapita zaka, Malaria Alert Centre ndi anzake anayesa njira yoti alangizi a zaumoyo ku Ntcheu ndi ku Nkhata Bay azipereka mankhwala a SP kwa amayi oyembekezera m'midzi momwemo, m'malo modikira tsiku la sikelo lokha. Zotsatira zinatuluka mu Malaria Journal mu 2022, ndipo sizinaonetse kusiyana kooneka bwino pa chiwerengero cha amayi omwa mankhwalawa katatu kapena kuposa.

Ntchito ziwirizi zinali zaphindu, ndipo kudziwa kuti njira ina sikuthandiza monga ankayembekezera ndi phunziro lalikulu. Komabe zonse zinachokera pa mafunso amene mabungwe akuluakulu ankakambirana kale m'mayiko ambiri. Ntcheu inali malo oyeserapo. Mafunso obadwira mu Ntcheu momwemo alibe khomo lodziwika lolowera.

Mafunsowo ndi ambiri. Msewu wa M1 ukamadutsa ku Lizulu ndi ku Biriwiri umayenda m'malire a dziko la Mozambique, ndipo odwala a tsidya linalo amabwera ku zipatala za kuno. Kodi mankhwala amene chipatala chimalandira amawerengera anthu amenewa? Mwana wa tsidya lina akayamba katemera kuno, amamaliza kuti? Ku Tsangano n'kumapiri kozizira pamene ku chigwa cha Bwanje n'kotentha. Kodi njira imodzi yolimbana ndi malungo ikukwanira malo onse awiri? Mlangizi mmodzi akasenza katemera, chipatala cha ana cha m'mudzi, ukhondo ndi malipoti a mwezi, ndi ntchito iti imene imatsalira? Namwino kapena mlangizi amene wakhala zaka zambiri pamalo amodzi amawadziwa bwino mafunso otere, koma sakhala pa mndandanda wa olandira zilengezo za thandizo.

Dziko linayesapo kukonza zimenezi. Pakati pa 2008 ndi 2013 panali ndondomeko ya Health Research Capacity Strengthening Initiative, yothandizidwa ndi Wellcome Trust, DFID ya ku Britain ndi IDRC ya ku Canada, yomwe inkayendetsedwa kudzera ku National Commission for Science and Technology. Cholinga chinali chakuti Amalawi azigawa okha ndalama za kafukufuku, ndipo m'nthawi yomweyo munatuluka mndandanda wa nkhani zofunika kufufuza wa zaka za 2012 mpaka 2016. Koma thumbalo linali la eni ake akunja, ndipo zaka zake zitatha mphamvu yake inachepa. Msonkhano wa ku Bamako wa 2008 unapempha maboma kuti aziika 2 peresenti ya bajeti ya unduna wa zaumoyo pa kafukufuku. Pempho limenelo likumveka kwambiri lero, boma la America litaimitsa thandizo lambiri lakunja mu January 2025 n'kutseka bungwe la USAID. Ndalama zikachepa, mphunzitsi amakakamizika kuthamangira chilengezo chilichonse chimene chatuluka, ndipo mafunso a kumudzi amatsalira kwambiri.

Kukonza zina mwa izi sikufuna ndalama zambiri. Akuluakulu a zaumoyo m'boma angathe, kamodzi pachaka, kusonkhanitsa mafunso ochokera kwa anamwino, alangizi ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi, n'kuwatumiza ku ofesi yothandiza ofufuza. Ofesiyo ikalandira chilengezo iziyang'ana pa mndandandawo isanafunse kuti ndani alembe pempho. Zilengezo za thandizo laling'ono, monga la Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene la ongoyamba kumene kufufuza, ndi maphunziro a SORT IT a nthambi ya TDR ya bungwe la WHO, omwe amaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo kufufuza pogwiritsa ntchito mabuku a chipatala chawo, zizifikanso kwa ogwira ntchito m'maboma. Mphunzitsi akamalemba pempho lokhudza Ntcheu, wogwira ntchito wa ku Ntcheu akhale mmodzi mwa olemba, ndipo mu bajeti mukhale ndalama zobwerera kukafotokoza zotsatira m'Chichewa kwa amene anatenga nawo mbali.

Ogwira ntchito m'bomalo nawonso ali ndi mbali yawo. Funso lolembedwa bwino, lokhala ndi ziwerengero za m'kaundula wa chipatala, limamveka kuposa dandaulo la pamsonkhano. Ndipo ofufuza akafika ndi kalata, n'koyenera kuwafunsa mwaulemu kuti funso lawo linachokera kuti, ndiponso kuti zotsatira adzabwera nazo liti.

Ofesi zothandiza ofufuza zimayesedwa ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zalowa komanso mapepala amene asindikizidwa. Pa lipoti lomwelo payenera kuonekanso kuti ndi mapempho angati amene anayambira pa funso lochokera ku boma ngati Ntcheu, ndiponso ndi angati amene anabwerera kukauza alangizi ndi anthu ongodzipereka zimene zapezeka.